Kusamukira kotchipa mu Blantyre: lendi itsike, tulo tisathawe

Kwacha itagwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti, malata ndi penti zinakwera mtengo, ndipo eni nyumba sanachedwe kulemba makalata okweza lendi. Malipiro a anthu ambiri anatsalira m'mbuyo. Mabanja amene ankakhala ku Chitawira, Nkolokosa, Naperi kapena Kanjedza ayamba kusuzumira ku Chilobwe, Bangwe, Chirimba ndi Machinjiri, koma mtima uli m'mwamba. Zitsanzo za m'munsimu ndi za mu Blantyre, ngakhale wa ku Lilongwe amene akuganiza zochoka ku Area 18 kupita ku Chinsapo kapena Area 36 adzazindikira zambiri.

Lendi ikundimaliza. Kodi kusamukira kotchipa si kubwerera m'mbuyo?

Ayi. Kubwerera m'mbuyo ndi kutenga katapila mwezi ndi mwezi kuti mulipire nyumba imene simukuikwanitsa, ana n'kumagonera phala m'nyumba ya matailosi. Pa kalembera wa 2018, mzinda wa Blantyre unali ndi anthu pafupifupi 800,000, ndipo oposa theka amakhala m'madera amene nyumba zinamangidwa popanda mapulani a khonsolo. M'menemo muli aphunzitsi, anamwino, apolisi, amakaniko ndi ogwira ntchito m'mabanki. Zoti anzanu a kutchalitchi adzati chiyani zisalowe m'masamu anu, poti sadzakulipirirani lendi. Zoyeza zilipo ziwiri: ngati ndalama imene mukuti mupulumutsa idzapulumukadi, ndiponso ngati inu ndi banja lanu mudzafika pakhomo bwino madzulo aliwonse n'kugona tulo.

Anthu amati ku Ndirande, Mbayani ndi Bangwe n'koopsa. N'zoona?

Dzina la dera limanena zochepa kwambiri. Ndirande ndi mzinda pawokha. Muli Newlines, Goliyo, Malabada, Chinseu, Makata, Safarao, ndipo wokhala kumodzi mwa malo amenewa angakuuzeni kuti kwinako sayendako usiku. Machinjiri nayo ndi ma Area angapo osafanana. Nyumba ziwiri zotalikirana mamita 200 zingakhale ndi moyo wosiyana: ina ili pamsewu wowala pafupi ndi golosale yotseka mochedwa, ina ili kuseri kwa shabini, njira yake yodutsa pakamlatho ka mitengo.

Chinanso, akuba sasankha dera losauka lokha. Mukadutsa ku Namiwawa, Sunnyside kapena Nyambadwe, werengani mipanda ya waya wamagetsi, agalu ndi alonda. Anthu sawononga ndalama zonsezo chifukwa chokongoletsa. Chimene chimasiyana ndi mtundu wa umbava. Kumalo othithikana, zosowa kawirikawiri ndi zovala pachingwe, ndowa, mbaula, nsapato pakhonde, foni yotsompholedwa panjira kapena yokokedwa ndi kamtengo pawindo. Kumalo a zii, kumene aliyense ali mumpanda wake, n'kumene achifwamba amakhala ndi mpata wogwira ntchito yawo modekha, poti ngakhale mukuwe palibe wotuluka.

Sindikunena kuti madera onse ndi ofanana. Alipo malo amene ngakhale eni ake amakuuzani kuti ikakwana 8 koloko musadutsepo nokha. Koma malo oterowo amakhala kanjira kena, mlatho wina, manda ena, osati dera lonse. Ntchito yanu ndi kudziwa ngati kanjira kameneko kali pakati pa siteji ndi khomo lanu.

Nanga ndingadziwe bwanji kuti malo ali bwino ndisanalowe?

Musaone nyumba kamodzi. Ejenti kapena mwini nyumba amakonda kukuonetsani m'mawa wa pakati pa sabata, anthu ali kuntchito, mabala atatseka, dzuwa likuwala. Bwereraninso nokha madzulo a Lachisanu kapena Loweruka, makamaka kumapeto a mwezi anthu atalandira. Pamenepo mudzamva ngati nyimbo za pa bala zimafika kuchipinda chogona, mudzaona amene amakhala pa siteji mdima ukagwa, ndiponso ngati magolosale amatseka 6 koloko kapena amagulitsabe mpaka 9 koloko. Wagolosale amene amatseka dzuwa likangolowa akudziwa kanthu.

Kenako yendani wapansi kuchoka pomwe minibasi imatsitsa mpaka pakhomo, pa nthawi imene muzidzaweruka kuntchito. Anthu ambiri m'tauni amachitidwa chipongwe panjira imeneyi. Onani ngati mukudutsa pa manda, pa bwalo la mpira, pa nyumba zosatha kumangidwa, m'mbali mwa mtsinje kapena pa munda. Munda umene mu Seputembala ndi bwalo loyera, mu Febuluwale umakhala chimanga chotalika kuposa munthu mbali zonse ziwiri za kanjira. Onaninso ngati amayi ndi ana akuyenda momasuka cha m'ma 7 koloko. Pomwe mayi akubwera yekha kuchokera kumsika atasenza dengu, foni ili kukhutu, pamakhala pabwino.

Nyumba nayo imalankhula. Chitseko chokhala ndi zipsera za chitsulo pafupi ndi loko chinathyoledwapo. Mawindo amene mabagalabaa ake anawotcheredwa kawiri, kapena khoma lokhala ndi chigamba cha simenti yatsopano chakumunsi, zikukuuzani mbiri imene mwini nyumba sanganene. Suzumirani kudenga: ngati nyumba ndi yamdadada ndipo makoma olekanitsa zipinda safika kumalata, munthu angadutse pamwamba kuchoka kwa neba kulowa kwanu. Pomaliza funsani funso limene limavutitsa eni nyumba ambiri: amene ankakhala muno anatuluka chifukwa chiyani, ndipo anakhalamo nthawi yaitali bwanji? Nyumba imene imasintha anthu miyezi itatu iliyonse ili ndi chifukwa.

Ndifunse ndani amene angandiuze zoona?

Osati ejenti, osatinso mwini nyumba. Onsewa amadya mukalowa. Funsani anthu amene sapindula kanthu: mayi wogulitsa tomato pa benchi, wogulitsa madzi pa kiyosiki, wakabaza wa pa siteji, ndi anthu ena a lendi a pa ploti yomweyo mwini wake atachoka. Wakabaza mufunseni mwachindunji kuti, "Achimwene, 9 koloko usiku mungandiperekeze mpaka pakhomo apa?" Akayamba kuzengereza kapena kutchula mtengo wowirikiza, mwamva yankho. Akabaza amadziwa njira zoopsa kuposa wina aliyense, chifukwa iwo eni amalandidwa njinga.

Pitaninso kwa amfumu kapena kwa buloku lida wa dera. Kumeneko mudzamva ngati ploti ili pa mkangano, ngati mwini nyumba amakonda milandu ndi anthu ake a lendi, ndi ngati pali gulu lolondera usiku. Kupolisi yapafupi nako mungafunse, ndipo tengani nambala ya foni ya ofesi imeneyo. Safunsa anadya phula. Koma funsani anthu atatu kapena anayi, chifukwa pali ena amene dera lawo amaliyamikira ngakhale zitavuta, ndi ena amene chilichonse kwa iwo n'choipa.

Ndapeza nyumba yotsika ndi K40,000. Si phindu limenelo?

Tengani pepala kaye. Tiyerekeze kuti panopa mumakwera minibasi imodzi kupita kuntchito ku Ginnery Corner, koma kumalo atsopano muzikwera ziwiri, kapena minibasi ndi kabaza, n'kuwonjezera K1,000 popita ndi K1,000 pobwera. Pa masiku 22 a ntchito, imeneyo ndi K44,000. Phindu lija latha, ndipo mwayamba kale kuluza musanawerengere akazi anu kapena amuna anu, ana a sukulu, ndi maulendo a kutchalitchi. Manambalawa ndi ongoyerekeza, ikanipo anu. Kumbukiraninso kuti mtengo wa minibasi sukhala malo amodzi. Mafuta akasowa, mvula ikagwa kapena nthawi yoweruka ikakwana, makondakitala amakweza, ndipo wokhala kutali ndi amene amalira kwambiri.

Pali chifukwa chimene ku Ndirande kumadzadza anthu chonsecho mbiri yake imanenedwa moipa: kuli pafupi ndi mafakitale a ku Makata, ndipo munthu angathe kuyenda wapansi mpaka m'tauni kapena ku Ginnery Corner. Mbayani nayo ili pakhomo pa tauni ya Blantyre, ndipo Bangwe imadalira Limbe. Nyumba yaing'ono pamalo oterewa nthawi zina imaposa nyumba yaikulu ya ku Lunzu kapena Mpemba ikafika pa masamu a mwezi wonse.

Ndiye pali ndalama zolowera: miyezi iwiri kapena itatu yolipiriratu, ya ejenti, galimoto yonyamula katundu, maloko atsopano, mwina yunifolomu ya sukulu ina. Ziphatikizeni zonse, mugawe ndi ndalama imene muzipulumutsa pamwezi. Yankho lake ndi miyezi imene idzadutse musanayambe kuona phindu. Ikapitirira chaka, yambani mwakambirana ndi alandilodi amene muli nawo panopa. Ambiri amalolera kutsitsako pang'ono kusiyana ndi kutaya munthu wolipira bwino n'kukhala ndi nyumba yopanda munthu miyezi iwiri.

Za madzi ndi magetsi ndifunse chiyani?

Madzi ambiri a mu Blantyre amachokera mu mtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, ndipo amachita kupopedwa ndi magetsi kukwera mtunda wautali mpaka mumzinda. N'chifukwa chake magetsi akavuta madzi nawo amavuta, ndipo nyumba za pamtunda ndi zimene zimayamba kuuma n'kumalizira kulandira. Mpopi kukhalapo pabwalo sikutanthauza kuti umatulutsa madzi. Utsekuleni. Onani ngati pakhomo pa maneba pali migolo ndi zigubu zambiri. Funsani kuti madzi amabwera nthawi yanji, chifukwa malo ena amabwera pakati pa usiku, ndipo apa nkhani ya madzi yasanduka ya chitetezo: amene adzatuluke 3 koloko m'bandakucha ndi ndowa ndi mkazi wanu kapena mwana wanu wamkazi. Madzi a pa kiyosiki amaoneka otchipa pa ndowa imodzi, koma banja la anthu asanu likachapa, kusamba ndi kuphika mwezi wonse, ndalama yake si yocheperapo.

Pa magetsi, funsani ngati nyumba ili ndi mita yakeyake. Mita imodzi ya mabanja asanu ndi gwero la mikangano yosatha: wina ali ndi hotipuleti, wina ayironi, wina firiji ya mafirizesi ogulitsa, koma mayunitsi mukusonkha mofanana. Pa madzi, onani bilu yomaliza ndi maso anu kuti musalowe pa ngongole ya munthu wina. Mukaona waya wamagetsi wochokera kwa neba, wodutsa pansi kapena pamitengo, chokanipo. A ESCOM akaupeza amadula, ndipo usanapezeke ungathe kupha mwana kapena kuyatsa nyumba.

Nyumba ya mumpanda, yokhala payokha, si ndiyo yotetezeka kuposa yamdadada?

Osati nthawi zonse. Mpanda wa njerwa umatchinga maso a wakuba, koma umatchinganso maso a maneba. Ngati nonse mumachoka m'mawa n'kubwera madzulo, wakuba akangolumpha amakhala ndi tsiku lonse. Izi zimavuta kwambiri kumaploti atsopano a kumphepete kwa mzinda, kumene mungapeze nyumba yaikulu ya zipinda zitatu pa mtengo wodabwitsa, koma neba wapafupi ali kutsidya kwa munda ndipo zozungulira ndi nyumba zosafolera.

Pa mdadada kapena pa ploti ya mabanja angapo pamakhala munthu nthawi zonse: gogo ali pamkeka, mayi akuchapa, ana akusewera. Mlendo akalowa amafunsidwa kuti akufuna ndani. Mavuto ake ndi ena: phokoso, miseche, mzere pa bafa m'mawa, ndi kuba kwa m'kati komwe, poti si alendo okha amaba. Funsani kuti geti amatseka nthawi yanji ndipo makiyi ali ndi anthu angati. Chimbudzi chikakhala panja, yezani mtunda wake kuchoka pakhomo, muone ngati pali babu ndi chotsekera cha m'kati. Kwa ine, boizikota ya kuseri kwa nyumba imene eni ake amakhala pomwepo imaposa zonse ziwiri kwa munthu wokhala yekha, bola mugwirizane za alendo ndi nthawi ya geti musanalowe.

Kupatula akuba, pali chinanso choopa?

Chilipo, ndipo ndi chachikulu kuposa akuba. Wakuba amatenga wailesi. Phiri limatenga nyumba ndi anthu omwe. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula masiku angapo osaleka, matope ndi miyala ikuluikulu zinatsetsereka kuchoka m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. Akuluakulu amati napolo wadutsa. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo Blantyre inali pakati pa maboma amene analira maliro ambiri. Nyumba zambiri zimene zinapita zinali zotchipa pa chifukwa chomwecho: zinamangidwa m'mapiri momwe mitengo inatha, kapena m'njira za madzi.

Choncho nyumba ikakhala m'munsi mwa phiri la Soche, Ndirande, Bangwe kapena Mpingwe, kwezani maso. Kumtunda kwake kuli chiyani? Miyala ikuluikulu imene yakhala pakati pa nyumba sinamere pamenepo, inagubuduzika nthawi ina. Khwawa louma la m'mbali mwa nyumba mu Okutobala ndi mtsinje mu Januwale. Kumunsi nako, m'mbali mwa Mudi, Nasolo, Naperi ndi Likhubula, yang'anani mzere wa matope pa makoma, umene umasonyeza pomwe madzi anafika. Kandani khoma pang'ono pomwe pulasitala wagwa: njerwa zosawotcha kapena zomangira dothi zimanyowa n'kugwa mvula ikagwa masiku atatu motsatizana. Vuto ndi loti ambiri timasaka nyumba m'chilimwe, zonse zili gwa. Funsani maneba kuti, "Nthawi ya Freddy kuno zinali bwanji?" Palibe wa mu Blantyre amene anaiwala.

Chachiwiri ndi matenda. Kolera imene inayamba mu Malichi 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsekulidwa chifukwa cha mliriwu. Chimbudzi chokumba chimene chatsala pang'ono kudzadza, chitsime chokumbidwa kumunsi kwa zimbudzi, ngalande yodutsa pakhomo, dzala la zinyalala pafupi ndi pophikira: zimenezi zingakudyereni kuchipatala ndalama zonse zimene munapulumutsa pa lendi.

Chachitatu ndi njira. Munthu akadwala usiku, kapena mayi woyembekezera akayamba kumva kupweteka, galimoto ingafike pakhomo? Pali malo amene wodwala amachita kunyamulidwa pamsana mpaka kumsewu asanayambe ulendo wa ku chipatala cha Queens. Komwe ambulansi singalowe, galimoto yozimitsa moto nayo singalowe. Ndipo poti tatchula moto: mabagalabaa a mawindo onse ndi khomo limodzi lokha lotulukira zimasandutsa nyumba msampha kandulo ikagwera pa katani. Kiyi azikhala pamalo amodzi odziwika ndi aliyense m'nyumba, ndi ana omwe.

Ndine mayi wokhala ndekha ndi ana. Ndisamale chiyani mwapadera?

Kwa inu, maneba ndi ofunika kuposa kukula kwa nyumba. Sankhani ploti imene pali mabanja ndi amayi ena, osati ya anyamata okhaokha, ndipo bafa ndi chimbudzi zikhale m'kati kapena pafupi kwambiri. Sinthani maloko tsiku lolowa, chifukwa simudziwa kuti makiyi akale ali ndi anthu angati. Yendani njira ya ana ya kusukulu: akuwoloka msewu waukulu, mtsinje, kapena akudutsa pa mabala ndi pa mavidiyo sho? Ana akaweruka inu muli kuntchito, afikira kwa ndani? Mwini nyumba amene akuyamba nthabwala zosayenera tsiku loona nyumba, kapena kunena kuti za lendi "tidzamvana", musamupatse mpata wachiwiri. Zikachitika mutalowa kale, kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit imene imamva nkhani zotere, ndipo simufunika kudikira kuti zifike poipa.

Ogwira ntchito usiku, monga anamwino, alonda ndi a m'malo odyera, apeze wakabaza mmodzi kapena awiri odziwika, a pa siteji yodziwika, n'kusunga manambala awo. Kukwera njinga ya munthu wosamudziwa pakati pa usiku n'kutchova juga.

Amaneba olondera usiku amathandizadi, kapena amangotolera ndalama?

Zimatengera gulu. Kumene likuyenda bwino, limagwira ntchito ndi amfumu ndi apolisi a m'dera, olondera amadziwika mayina, ndalama imatoleredwa ndi kaundula, ndipo usiku mumamva mawezulo awo. Kumene lasokonekera, amaoneka pa 30 pa mwezi pokha, ataledzera, ndipo ena amavutitsa anthu ochokera kuntchito usiku. Funsani maneba kuti analiona liti gululo likugwira wakuba, ndipo linamuchita chiyani. Ngati lilipo ndipo ndi lolongosoka, lipirani, mudziwitsenso olonderawo nthawi imene mumafika kuti asakuyeseni mlendo.

Dera limene limadzitama kuti "kuno wakuba timawotcha" musaliyese lotetezeka. Kupha munthu woganiziridwa ndi mlandu, ndipo gulu lolusa silifunsa dzina. Inu amene mwangofika kumene, nkhope yanu isanadziwike, kapena mwana wanu wamwamuna wobwera mochedwa, ndi amene angalozedwe chala tsiku lina. Ichi ndi chifukwa chimodzi chokaonekera kwa amfumu sabata yoyamba, kupereka moni kwa maneba, ndi kupezeka pa maliro a m'dera. M'makomboni, munthu wosapita kumaliro akakuwa usiku anthu amachedwa kutsekula zitseko.

Maejenti ndi ndalama zolipiriratu: ndingapewe bwanji kuberedwa?

Chinyengo chofala n'chosavuta: chithunzi cha nyumba yokongola pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp, mtengo wotsika modabwitsa, ndi uthenga woti anthu ambiri akuifuna, tumizani kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba kuti akusungireni. Mukatumiza, foni yazima. Ena amakuonetsani nyumba yeniyeni imene si yawo, n'kulandira ndalama kwa anthu atatu osiyana. Musapereke ndalama ya lendi kwa ejenti. Perekani kwa mwini nyumba, mutalowa m'kati mwa nyumbayo, maneba atatsimikiza kuti ameneyo ndiye mwini wake. Fufuzaninso ngati amene akukubwereketsani si wa lendi mnzanu, kapena mmodzi wa ana amene akukanganirana nyumba ya masiye, chifukwa mawa kudzabwera wina ndi makiyi ake.

Lemberanani, ngakhale papepala la m'kope: lendi ndi zingati, tsiku lolipira, miyezi imene mwalipiriratu, notisi ndi yaitali bwanji mbali zonse ziwiri, lendi ingakwere pakapita nthawi yanji, ndani akonza chikawonongeka. Sayiniranani pamaso pa mboni, aliyense asunge lake. Polipira, landirani lisiti kapena sungani uthenga wa pafoni. Jambulani nyumba yonse musanalowetse katundu, ming'alu ndi magalasi osweka omwe, kuti potuluka asadzakulipiritseni zimene munazipeza.

Nyumba ndaikonda koma chitetezo chake n'chofooka. Akonze ndani?

Nenani musanalipire, chifukwa mphamvu zanu zimathera pomwe ndalama yachoka m'manja. Mabagalabaa, chitseko cholimba chakunja ndi denga losadontha ndi za mwini nyumba, poti zidzatsala inu mukadzachoka. Akati alibe ndalama, gwirizanani kuti mukonze nokha n'kumadula pa lendi, ndipo zimenezo zilembedwe pamodzi ndi mtengo wake. Lonjezo la pakamwa loti "tikonza mukalowa" kawirikawiri limafa tsiku lolowalo. Zing'onozing'ono gulani nokha, zoti mudzanyamuke nazo: maloko abwino, chitsulo chopingasa kuseri kwa chitseko, nyale ya sola ya pakhonde imene imayaka ngakhale magetsi atazima, wezulo, ndi makatani okhuthala kuti wodutsa asawerenge katundu wanu. Posamuka, ambiri amakonda kulowa chakumadzulo kuti anthu asaone zonse zimene zatsika m'galimoto. Katoni ya TV yatsopano musaitaye pa dzala la pakhomo.

Ndalowa kale, ndipo ndaona kuti ndinalakwitsa. Nditani?

Siyanitsani kusazolowera ndi ngozi. Phokoso, fumbi, tambala wa neba ndi ana ambiri pabwalo zimazolowereka pakatha mwezi umodzi kapena iwiri. Koma ngati akuthyolerani, akulandani panjira ya kunyumba, mwini nyumba akulowa m'nyumba mwanu popanda chilolezo, kapena mwaona mng'alu ukukula pa khoma la kumtunda mvula ili pafupi, musadikire kuti miyezi imene munalipiriratu ithe. Kanenani kupolisi zimene zachitika ndipo musunge umboni wake, perekani notisi yolemba, n'kupempha kuti ndalama yotsala ibwezedwe nyumbayo ikapeza munthu wina. Eni nyumba ambiri amavomera zimenezi mukawathandiza kupeza wolowa. Mwini nyumba akayamba zozula chitseko, kutseka madzi kapena kugwira katundu wanu, musalimbane naye ndi manja. Yambani kwa amfumu kapena buloku lida, zikakanika pitani kupolisi kapena kubwalo la majisitireti, ndipo ngati mulibe ndalama ya loya, a Legal Aid Bureau ali ndi ofesi mu Blantyre. Ngati vuto ndi phiri kapena mtsinje, tulukani Disembala asanafike, ngakhale zitatanthauza kukasungitsa katundu kwa achibale n'kupanikizana m'chipinda chimodzi mpaka mvula itatha mu Epulo.